Mbiri ya Chithandizo cha Kutupa Kobwerezabwereza kwa Mutu wa Chida cha Mwamuna

Kufiira ndi kutupa kwa mutu wa chida cha mwamuna, komwe madokotala amakutcha balanitis, ndi vuto lomwe lakhala likulembedwa m'mabuku a zachipatala kwa zaka pafupifupi 2,000, ndipo limadziwika ndi kuyabwa, kuwotcha pokodza, fungo, komanso zoyerayera kapena mafinya omwe amaunjikana pansi pa khungu lophimba mutuwo. Khungu lophimbalo likatupa limodzi ndi mutu, vutoli limatchedwa balanoposthitis, ndipo likathina mpaka kukana kubwerera m'mbuyo kuti mutu uonekere, madokotala amati pali phimosis. Amuna ambiri amachira m'masiku owerengeka vutoli likawagwira kamodzi, koma alipo ena omwe limawabwerera mwezi ndi mwezi ngakhale atapaka mankhwala, ndipo anthu otere ndi omwe akhala akuimitsa mitu ochiza a mibadwo yonse. Kwa nthawi yaitali njira zazikulu zochizira zinali ziwiri, kutsuka ndi kudula, popeza gwero lake ankati ndi litsiro kapena khungu lenilenilo. Panapita zaka mazana ambiri kuti zidziwike kuti kufiira kooneka mofanana kungachokere ku magwero osiyana kotheratu, ndi kuti kubwerera kwake kumasonyeza kuti gwero lenileni silinakhudzidwe.

Mdulidwe ndi madzi ofunda m'maiko akale

Umboni wina wakale kwambiri wa mdulidwe uli ku Egypt, m'manda a nduna yotchedwa Ankhmahor ku Saqqara, momwe muli chithunzi chozokotedwa pakhoma cha m'ma 2300 B.C. chosonyeza mnyamata akudulidwa kwinaku munthu wina atamugwira manja kuchokera kumbuyo. Kwa eni mwambowu tanthauzo lake linali la chipembedzo ndi la kukula, ndipo linali la chipembedzo kwa Ayudanso, omwe buku la Genesis limawalamula kudula mwana wamwamuna pa tsiku lachisanu ndi chitatu ngati chizindikiro cha pangano lawo ndi Mulungu. Ganizo loti mdulidwe umateteza thupi linafala kudzera mwa olemba omwe ankafotokozera mwambowu anthu osautsata. Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece yemwe anayendera Egypt m'zaka za m'ma 400 B.C., analemba kuti anthu a kumeneko ankadulidwa pofuna ukhondo, ndipo Philo, Myuda wophunzira wa mumzinda wa Alexandria yemwe anakhala ndi moyo m'nthawi ya Yesu, poikira kumbuyo mwambo wa makolo ake pamaso pa anthu omwe ankauseka, anati choyamba umapewetsa nthenda yowawa ndi yotentha ya pakhungu lophimba, ndipo chachiwiri umachotsa malo obisalamo litsiro.

Agiriki ndi Aroma sankadulidwa, ndipo khungulo ankaliwerengera pa kukongola kwa thupi la mwamuna, motero ochiza awo anayenera kupeza njira yothetsera kutupa popanda kulichotsa. Aulus Cornelius Celsus, yemwe analemba buku la De Medicina m'nthawi ya mfumu Tiberius, anayamba gawo la matenda a kumaliseche povomereza kuti nkhaniyi ndi yolaula, koma anati iyenera kulembedwa momveka chifukwa ziwalo zimenezi munthu aliyense amachita manyazi kuzionetsa kwa mnzake. Malangizo ake anali oti chida chikatupa mpaka khungu kukana kusuntha, chithowedwe ndi madzi ofunda ambiri, ndipo ngati mutu waphimbika, madziwo alowetsedwe pakati pa khungu ndi mutu ndi kachipangizo kopopera madzi m'khutu. Khungu likafewa n'kubwerera m'mbuyo, zilonda zopezeka pansi pake zinkapakidwa mankhwala osakaniza ndi vinyo kapena uchi, ndipo mpeni unkabwera pomaliza, njira zonsezi zikakanika, kudzang'amba khungulo pang'ono kuti limasuke. M'maiko achisilamu, komwe mdulidwe unali wa mwana wamwamuna aliyense, chidwi cha ochiza chinapita pa kadulidwe kosavulaza, ndipo al-Zahrawi, dokotala wa ku Cordoba yemwe anamwalira cha m'ma 1013, anafotokoza m'buku lake la al-Tasrif njira yodulira ndi sizasi khungu litamangidwa ndi ulusi.

Mthunzi wa chindoko

Zinthu zinasokonekera pamene mliri wa chindoko unabuka pakati pa asilikali omwe ankamenya nkhondo ku Naples mu 1495 n'kufalikira ku Ulaya konse m'zaka zochepa. Kuyambira pamenepo chilonda chilichonse cha kumaliseche chinkaganiziridwa chindoko, ndipo mankhwala ake anali mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chomwe chinkapakidwa pakhungu kapena kumwetsedwa mpaka wodwala kuyamba kuchucha dovu ndi kugwedera mano. John Hunter, dokotala wotchuka wa opaleshoni wa ku London, anaphunzitsa m'buku lake la mu 1786 kuti chindoko ndi chinzonono zimachokera ku poizoni mmodzi, ndipo malinga ndi chiphunzitso chotere, mwamuna yemwe anali ndi kutupa wamba ankatha kulandira chithandizo choopsa kuposa nthenda yake, kuwonjezera pa manyazi omuganizira chiwerewere. Komabe madokotala ena openyetsetsa anaona kuti mwa odwala ena mafinya sankachokera m'njira ya mkodzo koma pansi pa khungu, ndipo vuto lotere analitcha chinzonono chabodza.

Philippe Ricord, yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha matenda opatsirana pogonana cha Hôpital du Midi ku Paris, anasonyeza mu 1838 kuti chindoko ndi chinzonono ndi matenda awiri osiyana, ndipo makina oonera tinthu ting'onoting'ono otchedwa maikulosikopu anatsiriza ntchito yosiyanitsayo. Alfred Donné anaona kachilombo ka Trichomonas mu 1836, Albert Neisser anapeza ka chinzonono mu 1879, Augusto Ducrey anapeza koyambitsa zilonda zofewa zomwe zimatupitsa mabomu mu 1889, ndipo Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann anapeza ka chindoko mu 1905. Matenda amenewa atapatulidwa limodzi limodzi, panatsala gulu lalikulu la amuna ndi anyamata, ena mwa iwo ana osadziwa n'komwe za kugonana, omwe ankatupa popanda kachilombo kalikonse mwa timeneti, ndipo mlandu unabwereranso kwa khungu lophimba.

Nyengo yomwe mpeni unatsogola

Mu 1855 Jonathan Hutchinson, yemwe ankaona odwala pa chipatala cha Metropolitan Free Hospital ku London, komwe kunkabwera Ayuda ambiri, analemba kuti chindoko sichinkapezeka kwambiri mwa amuna odulidwa. Mu 1870 Lewis Sayre, dokotala wa mafupa wa ku New York, anaitanidwa kukaona mnyamata wa zaka zisanu yemwe ankalephera kuwongola miyendo, ndipo atapeza kuti khungu lake linali lothina ndi lotupa, anamudula, mnyamatayo n'kuyamba kuyenda. Sayre anayamba kuphunzitsa kuti kunyerenyetsa kwa kunsonga kumayenda m'mitsempha mpaka kukayambitsa kupuwala, khunyu ndi matenda ena akutali ndi malowo, ndipo ngakhale chiphunzitsochi chinalibe maziko, chinalandiridwa msanga chifukwa chinagwirizana ndi mantha a nthawiyo okhudza ana odziseweretsa maliseche. Popeza mankhwala ogonetsa anali atayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1846, ndipo Joseph Lister anali atasonyeza mu 1867 njira yotetezera mabala ku tizilombo, opaleshoni sinalinso yoopsa ngati kale, moti pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudula makanda kunasanduka chizolowezi ku America, ku Britain ndi ku Australia. Zoyerayera za pansi pa khungu, zotchedwa smegma, zomwe kwenikweni ndi mafuta a thupi osakanikirana ndi khungu lofunduka, zinkaonedwa ngati poizoni, ndipo amayi ankalangizidwa kukoka khungu la khanda mwamphamvu kuti atsuke mkati.

Yemwe anatsutsa zimenezi ndi manambala anali Douglas Gairdner, dokotala wa ana wa ku Cambridge, m'nkhani yomwe inatuluka m'magazini ya British Medical Journal mu 1949. Iye anasonyeza kuti khungu la khanda limabadwa litamatirira ku mutu mwachilengedwe, kuti ndi makanda anayi okha pa 100 alionse omwe khungu lawo limabwerera m'mbuyo lonse pobadwa, ndi kuti pofika zaka zitatu limakhala litamasuka lokha mwa ana 90 pa 100 alionse. Anawerenganso kuti pakati pa 1942 ndi 1947 ana pafupifupi 16 ankamwalira chaka chilichonse ku England ndi Wales chifukwa cha mdulidwe ndi mankhwala ogonetsa, ndipo chiwerengero cha makanda odulidwa ku Britain chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Mu 1968 Jakob Øster, dokotala wa m'masukulu ku Denmark, atayeza anyamata chaka ndi chaka, anapeza kuti khungu lothina linalipo mwa anyamata asanu ndi atatu pa 100 alionse a zaka 6 ndi 7, koma mwa mmodzi yekha pa 100 a zaka 16 ndi 17. Phunziro lake linali lakuti kukoka khungu la mwana nthawi isanakwane kumang'amba nyama yanthete, ndipo chipsera chobwera pambuyo pake ndicho chimathinitsa khungulo ndi kuitana kutupa komwe makolo ankafuna kupewa.

Shuga ndi yisiti

Gwero lomwe linasintha kwambiri kaganizidwe ka madokotala linapezeka mumkodzo. Asing'anga akale a ku India ankadziwa kuti mkodzo wa odwala ena umakopa nyerere, ndipo mu 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anaumitsa mkodzo wotere pamoto n'kutsala ndi zinthu zotsekemera zofanana ndi shuga. M'zaka za m'ma 1800 madokotala a ku France anafotokoza kuti odwala matenda a shuga amavutika kawirikawiri ndi kuyabwa ndi kutupa kwa kumaliseche, ndi kuti mwa amuna ena kutupako ndiko kumayamba kuonekera ludzu ndi kuwonda zisanafike podetsa nkhawa. Chomwe chimachitika ndi chakuti shuga wa m'magazi akapitirira mlingo womwe impso zimatha kubweza m'thupi, womwe ndi pafupifupi 10 mmol pa lita, wotsalayo amatuluka ndi mkodzo, ndipo timadontho totsalira pansi pa khungu, pamalo ofunda ndi achinyezi, timasanduka chakudya cha tizilombo, pamene shuga yemweyo akufooketsa asilikali a m'magazi. Khungu la munthu wotere limatupa n'kuchita ming'alu ing'onoing'ono yozungulira kukamwa kwake ngati ya kuchidendene m'nyengo yachisanu, ndipo mng'alu uliwonse ukapola umasiya chipsera chomwe chimachepetsa mpata. Mankhwala a shuga otchedwa insulin atapezeka ku Toronto mu 1921, ndi timapepala toviika mumkodzo titayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1950, kuyeza shuga kunakhala chinthu choyamba chomwe dokotala wosamala amachita kwa mwamuna wamkulu yemwe kutupa kukumubwerera.

Tizilombo tomwe timapindula ndi shugayo ndi ta mtundu wa yisiti. Bernhard von Langenbeck anationa mu 1839 m'zoyerayera za m'kamwa mwa wodwala, Charles Robin anatipatsa dzina mu 1853, ndipo Christine Berkhout wa ku Netherlands anatiika m'gulu lotchedwa Candida mu 1923. Timakhala pakhungu ndi m'matumbo mwa anthu ambiri athanzi popanda vuto, ndipo timaswana mopitirira pokhapokha china chikasintha, monga shuga kukwera, chitetezo cha m'thupi kutsika, kapena munthu kumwa maantibayotiki omwe amapha mabakiteriya omwe amatitsekereza. Kwa zaka zambiri mankhwala ake anali utoto wofiirira wa gentian violet, womwe ku Malawi umadziwika kuti jivi, womwe umapha yisiti koma umathimbirira pakhungu ndi pakabudula wamkati kwa masiku. Mu 1950 Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown, asayansi a boma la New York, anapeza nystatin, kampani ya Bayer inapanga clotrimazole kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo fluconazole wa kampani ya Pfizer, yemwe amamwedwa, anafala cha m'ma 1990. Metronidazole, yemwe anapangidwira Trichomonas cha m'ma 1960, anapezeka kuti amaphanso mabakiteriya omwe amakula popanda mpweya, omwe amachititsa kutupa konunkha kwambiri. Ubale wa shuga ndi yisiti unaonekeranso poyera kuyambira 2012, pamene kunabwera mankhwala atsopano a shuga, monga dapagliflozin, omwe amagwira ntchito potayitsa shuga mumkodzo mwadala, ndipo kuyabwa kwa kumaliseche ndi limodzi mwa mavuto odziwika omwe amabwera nawo.

Matenda a khungu, sopo ndi mapiritsi

Panatsalabe odwala omwe analibe shuga kapena yisiti, ndipo awa anafotokozedwa ndi akatswiri a matenda a khungu. Mu 1911 Louis Queyrat wa ku Paris anafotokoza za chigamba chofiira, chosalala ndi chosapola, chomwe lero chimadziwika kuti ndi khansa yomwe sinalowe mkati mwa nyama, ndipo nthawi zambiri chimagwirizana ndi kachilombo ka HPV. Mu 1928 Alfred Stühmer wa ku Germany anafotokoza nthenda yomwe imayeretsa ndi kuumitsa khungu ndi mutu mpaka kuchepetsa kabowo kokodzera, yomwe pambuyo pake inazindikirika kuti ndi lichen sclerosus, nthenda yosapatsirana yomwe imagwiranso amayi, ndipo ikalekereredwa imawonjezera chiopsezo cha khansa. Mu 1952 Johannes Zoon wa ku Utrecht anafotokoza chigamba chonyezimira, chofiira mopita ku mtundu wa lalanje, chomwe chimapezeka mwa amuna achikulire osadulidwa, chooneka moopsa koma chosakhala khansa, chomwe lero chimatchedwa nthenda ya Zoon. Chaka chomwecho Marion Sulzberger ndi Victor Witten anasonyeza kuti hydrocortisone wopaka amaziziritsa khungu lotupa, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti mankhwala amphamvu a gulu lomweli, akapakidwa kwa milungu ingapo, amamasula khungu lothina mwa anyamata ambiri popanda opaleshoni.

Zomwe zinatembenuza malangizo akale a ukhondo zinachokera ku kafukufuku wa H. D. Birley ndi anzake ku Britain, yemwe anasindikizidwa mu 1993. Mwa amuna 43 omwe kutupa kunkawabwerera, 72 pa 100 alionse anapezeka kuti khungu lawo linangopsa ndi zinthu zolipweteka, ndipo amenewa anali anthu omwe ankatsuka ndi sopo kawirikawiri kuposa anzawo, ambiri a iwo okhala ndi khungu losachedwa kuyabwa kuyambira ubwana. Ochuluka anachira atangochepetsa sopo ndi kupaka mafuta ofewetsa khungu. Khungu la mutu wa chida ndi lopyapyala, ndipo sopo amachotsa mafuta omwe amaliteteza, kotero mwamuna woona kufiira n'kuganiza kuti ndi uve amawonjezera sopo, mwinanso mankhwala otsukira mabala, kufiirako n'kuwonjezeka, iye n'kuchapanso mwamphamvu. Gwero lina lobisika ndi mapiritsi, monga anafotokozera Louis Brocq wa ku France mu 1894, poona kuti mwa anthu ena mankhwala omwa amatulutsa chigamba pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse akamwedwa. Mutu wa chida ndi amodzi mwa malo omwe chigamba chotere chimakonda, ndipo mankhwala odziwika pochititsa zimenezi ndi cotrimoxazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Bactrim, komanso a gulu la tetracycline.

Mmene nkhaniyi yayendera ku Malawi

Ku Malawi mdulidwe unali mwambo wa mitundu ina yokha. Ayao anali ndi chinamwali cha anyamata chotchedwa lupanda, ndipo mafumu awo atayamba kulowa Chisilamu, monga anachitira Makanjila cha m'ma 1870, jando wodula khungu lonse anafala m'madera omwe lero ndi maboma a Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba, komwe anyamata amakakhala ku ndagala m'manja mwa angaliba ndi anakanga. Ena mwa Alhomwe amadulanso, pamene Achewa amalowetsa anyamata kudambwe popanda mpeni, ndipo Atumbuka ndi Atonga nawo alibe mwambowu. Cholinga cha jando chinali kukula ndi chipembedzo, ndipo mdulidwe unalowa m'ndondomeko za boma kudzera pa khomo la Edzi. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa mu 2005, wotsatiridwa ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, anasonyeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi, ndipo mabungwe a WHO ndi UNAIDS anauvomereza mu 2007. Boma la Malawi linayamba ndondomeko ya mdulidwe wa kuchipatala mu 2011, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse anapeza kuti amuna odulidwa anachoka pa pafupifupi 22 pa 100 alionse mu 2010 kufika pa 28 mu 2015 ndi 2016.

Amuna ochuluka m'dziko muno ndi osadulidwa, ndipo kutupa kwa mutu wa chida kuli pa mndandanda wa zizindikiro zomwe zipatala zimachiza pansi pa njira yomwe inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yopereka mankhwala a matenda opatsirana pogonana potengera zomwe zikuoneka, popanda kudikira labotale. Njirayi inathandiza anthu ambiri m'zipatala zing'onozing'ono zopanda zipangizo, koma kwa munthu yemwe vuto likumubwerera ili ndi malire, chifukwa angalandire mankhwala omwewo kangapo gwero lake lili mu sopo kapena mu shuga, ndipo kunyumba kungabuke kukayikirana kopanda maziko, makamaka pamene mkazi nayenso akudandaula kuyabwa komwe ambiri amakutcha mauka. Yisiti atha kusinthana pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, koma kupezeka kwake si umboni woti wina wayenda njira zachibwana. Zina ziwiri zoyenera kukumbukiridwa m'dziko muno ndi zakuti HIV yosachizidwa imatsegulira yisiti njira, ndi kuti anthu ambiri omwe ali ndi kachilomboka amamwa cotrimoxazole tsiku lililonse, kotero chigamba chobwerera pamalo amodzi chiyenera kuonetsedwa kuchipatala, komwe angaganize zosintha mankhwala, m'malo moti wodwala awasiye yekha. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Chithandizo chomwe mbiriyi yasiya

Chithandizo cha lero chimayamba ndi mafunso, okhudza sopo, mafuta ndi makondomu omwe munthu amagwiritsa ntchito, mapiritsi omwe wamwa posachedwa, matenda a khungu a mbali zina za thupi, ndi ngati mnzake wogona naye akuyabwidwa, kenako kuyeza shuga, HIV ndi chindoko. Kutsuka kumakhala kamodzi patsiku, ndi madzi ofunda okha kapena othira mchere pang'ono, khungu litakokedwa mofatsa, ndipo malowo akauma khungulo limabwezedwa pamalo pake, chifukwa likasiyidwa kumbuyo lingamange mutu n'kuutupitsa, vuto lotchedwa paraphimosis lomwe limafunika chipatala tsiku lomwelo. Yisiti amachizidwa ndi clotrimazole wopaka kawiri patsiku kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kapena ndi fluconazole wa 150 mg kamodzi, kutupa konunkha ndi metronidazole, khungu lopsa ndi sopo ndi mafuta ofewetsa pamodzi ndi hydrocortisone wofooka kwa masiku ochepa, ndipo lichen sclerosus ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol dokotala akuyang'anira. Mankhwala opaka okhala ndi mafuta amafooketsa kondomu, ndipo makirimu amphamvu ogulidwa pamsika, monga oyeretsa khungu, amaziziritsa kufiira kwa masiku angapo kwinaku akupyapyalitsa khungu ndi kuchulukitsa yisiti. Chigamba kapena chilonda chomwe sichikupola pakatha milungu ingapo ya chithandizo choyenera chimafunika kuti kanyama kake katengedwe n'kukayezedwa ku labotale, popeza maso okha sangasiyanitse nthenda ya Zoon ndi khansa yoyamba kumene.

Mdulidwe uli ndi malo ake otsimikizika, chifukwa umathetsa chinyezi chomwe yisiti ndi mabakiteriya amadalira, umachiza nthenda ya Zoon ndi lichen sclerosus mwa amuna ambiri, ndipo ndiwo yankho pamene zipsera zathinitsa khungu kosabwerera. Koma sutsitsa shuga wa m'magazi, suletsa chigamba chobwera ndi mapiritsi, ndipo bala la munthu wa shuga wosalamuliridwa limachedwa kupola. M'badwo uliwonse unkakhala ndi chifukwa chimodzi chomwe unkachikhulupirira, kaya litsiro, chindoko, khungu kapena yisiti, n'kuchigwiritsa ntchito pa wodwala aliyense, ndipo kupita patsogolo kunkabwera pamene wina wapatula gulu limodzi la odwala n'kusonyeza kuti gwero lawo ndi lina. Kwa mwamuna wa zaka zopitirira 40 yemwe wabwera kachitatu ndi khungu lochita ming'alu, dontho limodzi la magazi a pachala loyezedwa shuga lingapulumutse impso ndi maso ake, zomwe chubu china cha mankhwala opaka sichingachite.